MBIRI YA MABUKU A NZERU: M'MENE APHUNZITSI A ISRAYELI ANAPEZERA MALIRE A NZERU ZAO

Palibe mphunzitsi amene sanauzepo ana a m'kalasi mwace kuti wakhama adzadya zabwino, ndi kuti waulesi adzagona ndi njala. Mau amenewa ngoona, ndipo sukulu singayende popanda iwo. Koma mphunzitsi amene wakhala zaka zambiri m'mudzi umodzi adziwanso cinthu cina. Mwana uja ankakhala woyamba caka ndi caka anadwala sabata ya mayeso, kapena atate ace anamwalira iye asanatsirize maphunziro, ndipo lero alikulima kamunda kosakwanira cakudya. Mnzace amene ankaba mapensulo ndi kunama ndiye ali ndi nyumba ya malata ndi ng'ombe zambiri. Tsiku lina mwana wocenjera adzaimika dzanja ndi kufunsa cifukwa cace, ndipo yankho limene adzalandira lidzakhala naye moyo wace wonse: kapena lidzamlimbitsa pa cilungamo, kapena lidzamphunzitsa kuti akulu amanama.

Funso limeneli silinayambe lero. M'Cipangano Cakale muli mabuku atatu amene achedwa mabuku a nzeru, ndiwo Miyambo, Yobu ndi Mlaliki. Mabukuwa sanena zambiri za kutuluka m'Aigupto kapena za nkhondo za mafumu. Nkhani yao ndiyo moyo wa munthu tsiku ndi tsiku, cilungamo cace, ndi mathero a nchito zace. Anacokera m'manja mwa aphunzitsi, ndipo anakula pang'onopang'ono m'zaka pafupifupi 700. Wowawerenga motsata nthawi zao aona aphunzitsi akupereka lonjezo, aona lonjezolo likuyesedwa ndi zowawa za mtundu wao, ndipo potsiriza aona aphunzitsi ena akubvomera poyera pamene nzeru zao zinalekezera.

Alembi ndi ana ao a sukulu

Israyeli asanakhale ndi mfumu, maiko akulu omzinga anali kale ndi sukulu za alembi. Ku Aigupto mnyamata wofuna nchito ya boma ankakhala pansi ndi bango lolembera, nakopera malangizo a anthu akale, monga a Ptahhotep, kufikira atawadziwa pamtima. Ku Babulo ankacita cimodzimodzi pa mapale a dothi. Pokopera anaphunzira zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndizo kulemba bwino ndi kukhala bwino pakati pa anthu: kusunga lilime, kudya modziletsa pamaso pa wamkulu, ndi kusanamiza muyeso wa tirigu.

Solomo, amene analamulira kuyambira ca m'ma 970 kufikira 931 B.C., anafunanso anthu otere. Buku la 1 Mafumu lichula alembi ace awiri ndi akapitao 12 osonkhetsa zakudya za kunyumba ya mfumu. Linenanso kuti anakwatira mwana wa Farao, ndi kuti ananena miyambi 3,000 ndi nyimbo 1,005. Poyamika nzeru zace, bukulo liziyerekeza ndi nzeru za Aigupto ndi za anthu a kum'mawa, ndipo ici cisonyeza kuti Aisrayeli ankazidziwa nzeru za maikowo ndi kuzilemekeza. M'caka ca 1908 R. A. S. Macalister anafukula ku Gezer kamwala kolembedwapo miyezi ya caka monga mwa nchito za kumunda, kucokera m'masiku a pafupi ndi Solomo. Ambiri aganiza kuti ndi nchito ya mwana wophunzira kulemba. Pofika masiku a Yeremiya, anzeru ankachulidwa monga gulu lapadera pamodzi ndi ansembe ndi aneneri.

M'caka ca 1888 E. A. Wallis Budge anagula ku Aigupto mpukutu wa gumbwa, napita nao ku British Museum ku London. Mau ace anasindikizidwa m'caka ca 1923, ndipo caka cotsatira Adolf Erman wa ku Berlin anasonyeza kuti afanana kwambiri ndi cigawo ca Miyambo coyambira pa 22:17. Ndiwo malangizo a mlembi Amenemope kwa mwana wace, olembedwa pakati pa 1300 ndi 1075 B.C., ogawidwa m'mitu 30; ndipo Miyambo 22:20, monga ambiri amasulira Cihebri cace tsopano, ichula mau anzeru 30. Onse awiri aletsa kulanda zinthu za wosauka, kusuntha malire a munda wa amasiye, ndi kupalana ubwenzi ndi munthu wa mtima wapacala. Onse awiri anena kuti cuma cimamera mapiko: Amenemope acifanizira ndi atsekwe, Mhebri acifanizira ndi ciombankhanga. Zidutswa za malangizowa zapezedwanso pa matabwa amene ana a sukulu a ku Aigupto ankalemberapo. Cotero aphunzitsi a Israyeli sanacite manyazi kutenga phunziro labwino kwa mtundu wina. Koma analiika pansi pa dzina la Yehova, nati woimira wosauka pa mlandu ndiye Yehova mwini.

Lonjezo la Miyambo

Buku la Miyambo liri ngati nkhokwe imene anthu a mibadwo yambiri anathiramo. Cigawo cacikulu, kuyambira 10:1 kufikira 22:16, ciri ndi miyambi 375, ndipo nambala imeneyi ilingana ndi dzina la Solomo, popeza m'Cihebri cilembo ciri conse ciri ndi nambala yace. Mitu 25 kufikira 29 inakoperedwa ndi anthu a mfumu Hezekiya ca m'ma 700 B.C., Asuri atapasula kale Samariya m'caka ca 722. Mutu 30 uli ndi mau a Aguri, ndipo mutu 31 uyamba ndi mau amene mfumu Lemueli anaphunzira kwa amai ace. Bukulo litsiriza ndi ndakatulo ya mkazi wangwiro, ya ndime 22, ndime iri yonse iyamba ndi cilembo cotsatira ca Cihebri, kuti wophunzira asabvutike kuiloweza.

Ciphunzitso ca m'nkhokwe imeneyi ncomveka bwino. Dziko linalengedwa mwa dongosolo, ndipo munthu atuta cimene anafesa. Dzanja lakhama lipeza cakudya, waulesi atumidwa kukaphunzira kwa nyerere, wonyada agwa, wolungama akhazikika. Cilungamoco ncooneka ndi maso: miyeso yoona pa msika, umboni woona pa bwalo, cifundo kwa wosauka, ndi kusamala ngakhale ciweto. Muzu wa zonsezi ndiwo kuopa Yehova.

Komabe osonkhanitsa miyambiyi sanali akhungu. Pa 26:4 ndi 26:5 anaika miyambi iwiri moyandikana, umodzi woletsa kuyankha citsiru monga mwa ucitsiru wace, wina wolamula kuciyankha. Sanaiwale kufafaniza umodzi. Anafuna kuti wophunzira adziwe cimene akulu a pa bwalo adziwa, kuti mwambi uli ndi mlandu wace ndi nthawi yace. Analembanso kuti munda wa wosauka ungabale zakudya zambiri, koma cisalungamo ca ena cizikokolola (13:23). Kuti kukhala ndi zocepa pamodzi ndi cilungamo kuposa phindu lalikulu lopeza monyenga (16:8). Ndi kuti munthu akonza ulendo mumtima mwace, koma wotsogolera mapazi ndiye Yehova (16:9). Aguri abvomera kuti sanaphunzire nzeru, ndipo apempha kuti asapatsidwe umphawi kapena cuma, koma cakudya comkwanira.

Ngozi inali mwa ophunzira. Mwambi unena zimene zicitika kawirikawiri. Wophunzira waphuma ausandutsa lamulo losaphonya, ndipo pambuyo pace autembenuza. Akamva kuti wolungama apeza bwino, iye ati: wopeza bwino ali yense ngolungama, ndipo wosauka kapena wodwala ali yense anacimwa. Kutembenuza kumeneku ndiko kunabala mkangano wa zaka mazana otsatira.

Zaka zimene zinayesa lonjezo

Mfumu Manase, amene buku la 2 Mafumu limchula woipitsitsa wa mafumu a Yuda, analamulira zaka 55, nafera kwao mumtendere. Mdzukulu wace Yosiya, amene anakonzanso Kacisi ndi kucotsa mafano, anaphedwa ndi Farao Neko ku Megido m'caka ca 609 B.C., ali ndi zaka 39. M'caka ca 597 Nebukadinezara anatenga mfumu, akalonga ndi amisiri kupita nao ku Babulo, ndipo m'caka ca 587 Yerusalemu ndi Kacisi zinatenthedwa. Lupanga ndi njala sizinasankhe pakati pa wolungama ndi woipa. Yeremiya anafunsa Mulungu cifukwa cace oipa apeza bwino, Habakuku anafunsa cimodzimodzi, ndipo anthu wamba anapeka mwambi wao wowawa, wa mphesa zosapsa zimene makolo anadya koma ululu wace unagwera mano a ana.

Koresi wa ku Perisiya atalanda Babulo m'caka ca 539, Ayuda ena anabwerera kwao, koma ufumu wa Davide sunabwerere. Yuda anakhala kacigawo kakang'ono ka ufumu wa eni. Nehemiya, amene anafika ku Yerusalemu m'caka ca 445, anapeza anthu atapereka minda yao cikole kuti alipe msonkho wa mfumu, ndi ena atagulitsa ana ao muukapolo kwa Ayuda anzao. M'masiku otere mphunzitsi sakanabwereza phunziro lakale ngati kuti palibe cinacitika.

Yobu: mlandu wa wodwala ndi omtonthoza

Dzina la Yobu linali lodziwika kale, pakuti Ezekieli amchula pamodzi ndi Nowa ndi Danieli monga citsanzo ca cilungamo. Buku lace, monga liri tsopano, ambiri aliika pakati pa 600 ndi 300 B.C. Ku Babulonso kunali zolembedwa za wolungama wobvutika; cimodzi, ca m'ma 1000 B.C., ndico kukambirana kwa munthu wosauka ndi bwenzi lace m'zigawo 27. Mlembi wa Yobu anaika nkhani yace kunja kwa Israyeli, m'dziko la Uzi, kuti funso likhale la munthu ali yense. Elifazi, wamkulu wa mabwenzi atatu, acokera ku Temani m'dziko la Edomu, kumene kunachuka ndi anthu anzeru.

Wowerenga auzidwa kuyambira mutu woyamba kuti Yobu ngosalakwa. Ataya ziweto, anchito, ana khumi ndi thanzi lace. Mabwenzi ace afika, nakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu, monga acitira anthu pamaliro. Ndipo cimeneci ndico cokha anacita bwino. Atatsegula pakamwa, anaturutsa phunziro la kusukulu lotembenuzidwa lija. Bilidadi anati ana a Yobu anafera macimo ao. Elifazi, amene anayamba mofatsa, pofika mutu 22 alikupeka milandu, kuti Yobu anamana aludzu madzi ndi kubweza akazi amasiye cimanjamanja. Popeza phunziro lao silinalingane ndi munthu wokhala pamaso pao, anasankha kunamizira munthuyo kuti phunziro lisagwe.

Yobu akana kubvomera chimo limene sanacite. Aonetsa oipa amene akalamba ali ndi ng'ombe zobereka ndi ana obvina, ndipo afuna kuti Mulungu amuyankhe pa bwalo. Pakati pa mkanganowu pali mutu 28, umene anthu odziwa migodi ya mkuwa aumva msanga. Mlembi afotokoza anthu okumba pansi mumdima, olendewera pa zingwe kutali ndi midzi, oturutsa siliva, golidi, citsulo ndi mkuwa. Migodi yotere ya mkuwa inaliko ku Timna ndi ku Faynan, kumwera kwa Nyanja ya Mcere. Munthu wapeza njira imene mbalame kapena mkango siziidziwa, koma mgodi wa nzeru sanaupeze. Malo ace adziwa Mulungu yekha; gawo la munthu ndilo kuopa Ambuye ndi kupewa coipa.

Potsiriza Mulungu alankhula m'kabvumvulu, ndipo safotokoza cifukwa ca zowawa za Yobu. Amfunsa kumene anali poikidwa maziko a dziko, amuonetsa mvula yogwa m'cipululu mopanda munthu, mbuzi za m'mapiri zoswa popanda mbusa, bulu wa kuthengo, nthiwatiwa, ndi zirombo ziwiri zazikulu zimene ambiri aziyesa mvuu ndi ng'ona. Dziko nlalikulu kuposa mlandu wa munthu mmodzi, ndipo zambiri zisamalidwa munthu osadziwa. Yobu agwira pakamwa. Koma ciweruzo ca pa 42:7 ndico ciyenera kuwerengedwa kawiri: Mulungu akwiyira Elifazi ndi anzace, cifukwa sananene zoona za Iye monga anacitira Yobu. Amene anateteza Mulungu ndi bodza atsutsidwa, ndipo wodandaula uja ndiye awapempherera.

Mlaliki: mphunzitsi wowerengera phindu

Dzina la Cihebri la mwini buku lacitatu ndilo Qoheleth, locokera ku mau otanthauza msonkhano wa anthu. M'mitu yoyamba alankhula monga mfumu ya m'Yerusalemu, ndipo cifukwa ca ici anthu akale anati ndiye Solomo. Hugo Grotius m'caka ca 1644, ndi Franz Delitzsch m'caka ca 1875, anasonyeza kuti Cihebri ca bukuli ncam'mbuyo kwambiri. Muli mau awiri obwereka ku Ciperisiya: pardes, munda wa mitengo, ndi pitgam, ciweruzo. Ena aliika m'masiku a ufumu wa Perisiya, ambiri ca m'ma 250 B.C. Zidutswa zace zinapezedwa m'phanga lacinai la ku Qumran, limene linadziwika m'caka ca 1952, ndipo cakale koposa cinalembedwa pakati pa 175 ndi 150 B.C.

Alexander atalanda maikowa m'caka ca 332, Yuda anakhala pansi pa mafumu Acigriki a ku Aigupto, ochedwa Ptolemy, zaka pafupifupi 100. Inali nthawi ya ndalama. Makalata a Zenon, kapitao wa nduna ya cuma ya Ptolemy II, amene anayendera dziko la Palestina m'caka ca 259, aonetsa malonda a vinyo, tirigu ndi akapolo, ndi minda yaikulu ya anthu okhala kutali. Nchito yokhometsa msonkho inkagulidwa ndi wolonjeza ndalama zambiri, ndipo iye ankabweza zace pofinya alimi. Mlaliki aona kapitao woyang'aniridwa ndi wina wamkulu, ndi winanso pamwamba pao. Aona misozi ya oponderezedwa opanda wowatonthoza.

Cifukwa cace afunsa funso la wamalonda. Mau ace akuti yitron, amene sapezeka m'buku lina la Cipangano Cakale, atanthauza phindu lotsala m'buku la ndalama zonse zitacotsedwa. Ayesa zomanga, minda, cuma, zokondweretsa ndi nzeru zomwe, napeza kuti imfa ifafaniza zonse, ndi kuti zimene munthu anazibvutikira zitsalira wina amene angakhale citsiru. Mau amene awabwereza nthawi 38 ndiwo hebel, ndiwo mpweya kapena nthunzi, ndiponso dzina la Abele m'Cihebri. Nthunzi ya pa mphika iripo ndithu, koma palibe angaifumbate. Iye waona wolungama akufa m'cilungamo cace ndi woipa akukalamba m'zoipa zace. Waona kuti waliwiro sapambana mpikisano masiku onse, pakuti nthawi ndi tsoka zigwera onse. Asimba za munthu wosauka wanzeru amene anapulumutsa mudzi waung'ono kwa mfumu yaikulu, ndipo pambuyo pace palibe anamkumbukira.

Pamenepo ena anayembekeza kuti adzauza anyamata kuleka nchito. Iye awauza zina. Kasanu ndi kawiri abwereza kuti kudya, kumwa ndi kukondwera ndi nchito ya manja ndi mphatso ya Mulungu, yoyenera kulandiridwa lero. Ati nzeru iposa ucitsiru monga kuunika kuposa mdima, ngakhale singapulumutse ku manda. Ati awiri aposa mmodzi, popeza wina akagwa mnzace amdzutsa. M'mutu 11 alankhula ngati mlimi: woyang'anitsitsa mphepo sadzafesa konse, cotero munthu afese m'mawa ndi madzulo omwe, popeza sadziwa mbeu imene idzamera. Kusadziwa za mawa, kumene akulu a kuno akuchula ndi mwambi wakuti cakudza siciimba ng'oma, kwa iye ndico cifukwa cogwirira nchito mwakhama.

Ndime zotsiriza zinalembedwa ndi wina, mwina wophunzira wace. Iye anena kuti Mlaliki anaphunzitsa anthu, nayesa miyambi yambiri ndi kuiika m'dongosolo. Kuti mau a anzeru ali ngati ndodo zosongoka zoyendetsera ng'ombe ndi misomali yokhomedwa. Ndi kuti mathero a nkhani ndiwo kuopa Mulungu ndi kusunga malamulo ace, popeza nchito iri yonse idzaweruzidwa.

M'mene mabukuwa anasungidwira pamodzi

Ca m'ma 180 B.C. ku Yerusalemu kunali mphunzitsi dzina lace Yesu Ben Sira, woyamba m'zolembedwa za Ayuda kuitanira osaphunzira ku nyumba yace ya maphunziro. Mdzukulu wace anafika ku Aigupto m'caka ca 132, namasulira buku lace m'Cigriki. Liri m'Baibulo la Akatolika, ndipo mipingo ina iliwerenga monga buku la malangizo. Cihebri cace cinasowa zaka mazana ambiri, kufikira m'caka ca 1896 pamene Solomon Schechter wa ku Cambridge anazindikira tsamba lace locokera m'cipinda cosungiramo zolembedwa zakale ca sunagoge wa ku Cairo. Mpukutu wina unapezedwa ku Masada m'caka ca 1964. Ben Sira anabwerera ku cikhulupiriro ca Miyambo, nati nzeru yeniyeni ndiyo Cilamulo ca Mose. Anakweza nchito ya mlembi, komabe anabvomera kuti popanda mlimi, wosula ndi woumba mbiya mudzi sungakhale. Ndipo anacenjeza ana ace kuti asafufuze zinthu zoposa mphamvu zao.

Patapita zaka zowerengeka, m'caka ca 167, Antiochus IV analetsa cipembedzo ca Ayuda, ndipo anthu anaphedwa cifukwa ca kusunga Cilamulo comweco. Kuyambira pamenepo ciyembekezo ca kuuka kwa akufa, conenedwa mu Danieli 12, cinakula pakati pa Ayuda, ndipo mlandu wa wolungama wofa msanga unapeza bwalo lina kutsidya kwa manda. Koma kutembenuza kwakale kuja sikunafe. Ophunzira a Yesu anafunsa amene anacimwa kuti munthu abadwe wakhungu, ndipo Iye anakana kuti ndi munthuyo kapena makolo ace. Ananenanso kuti anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera sanali ocimwa koposa anzao a m'Yerusalemu.

Buku la Mlaliki linatsala pang'ono kukanidwa. Mishnah, buku la malamulo a arabi losonkhanitsidwa ca m'ma 200 A.D., likumbukira kuti ophunzira a Shammai sanaliyese loyera, pamene ophunzira a Hillel analilandira. Ndipo maganizo a Hillel ndiwo anapambana. Talmud iwonjeza kuti anzeru anafuna kulibisa cifukwa mau ace atsutsana okhaokha, koma analisunga popeza liyamba ndi kutsiriza ndi zogwirizana ndi Cilamulo. Kufikira lero masunagoge ambiri aliwerenga pa Madyerero a Misasa, nthawi ya kukolola, pamene nkhokwe zadzaza ndipo anthu akhala m'timisasa ta masamba. Jerome, ca m'ma 388, analimasulira monga buku lophunzitsa kunyoza za dziko. Martin Luther, m'maphunziro ace a 1526, anatsutsa kumasulira kumeneko, nati Mlaliki sanyoza zolengedwa za Mulungu koma mtima wa munthu wosakhutira. Baibulo lathunthu la Cinyanja, Buku Lopatulika, litasindikizidwa m'caka ca 1922 pambuyo pa nchito ya zaka zambiri yotsogoleredwa ndi William Murray, mabuku atatuwa anafika pamodzi m'manja mwa aphunzitsi a kuno.

Arabi akadafuna, akadasunga Miyambo yokha, ndipo nchito ya mphunzitsi ikadaoneka yapafupi. Akadasunga Mlaliki yekha, ana akadakalamba mtima asanakule. Anasunga onse, ndipo dongosolo la mbiri yao ndilo dongosolo la kukula kwa mwana. Wamng'ono ayenera kumva poyamba kuti khama ndi coonadi zibala zipatso, pakuti kawirikawiri zitero. Akasinkhuka, ayenera kumva kwa mphunzitsi yemweyo kuti nthawi zina wolungama abvutika popanda chimo, kuti wamasiye wong'ambika malaya m'kalasimo sali pansi pa temberero, ndi kuti cilungamo cisungidwa ngakhale malipiro ace acedwe kapena asaoneke konse m'moyo uno. Mwana amene anauzidwa lonjezo lokha, tsiku limene lonjezolo lidzaphonya adzataya phunziro pamodzi ndi mphunzitsi wace.

Mphunzitsi nayenso ali m'nkhaniyi. Iye ndiye wofesa m'mawa ndi madzulo, wosadziwa mwana amene adzabala zipatso, ndipo mwina ndiye wosauka wanzeru uja amene mudzi udzamuiwala. Mwana wocenjera akadzaimika dzanja, mphunzitsi ali ndi njira ziwiri zolembedwa kale m'buku la Yobu. Angapeke cifukwa, monga Elifazi, kuti phunziro lace lisaoneke loperewera. Kapena anganene zimene adziwa, nabvomera pamene kudziwa kwace kwalekezera. Pa 42:7 palembedwa amene mwa awiriwa ananena zoona za Mulungu.